Uthenga wa Wokonza Makina Umene Unaima pa Kompyuta Yanga

Ine, amene kuntchito amanditcha Kabatani, mkazi wa zaka 27, wokhala kuseri kwa depoti ya mabasi, wopanga mapulogalamu a pafoni, ndabwera ndekha kuno kupolisi kudzanena za imfa ya wokonza makina pa fakitale youmba mabuloko a simenti.

Alamu anga, amuna a akulu anga, anali ndi ganizo lopanga pulogalamu yoti ogwira ntchito limodzi azitumizirana mauthenga. Anati tisataye miyezi kuipanga tisanaone ngati anthu angaifune. Pakamwa pawo m'potsekemera, ndipo ine ndinavomera. Ndinangopanga zooneka pamwamba zokha. Munthu akalemba uthenga, pafoni pake pankatuluka chizindikiro chobiriwira chonena kuti anzake onse awerenga. Zoona zake, uthengawo unkafika pa kompyuta yanga, ine n'kumautumiza pamanja kwa mmodzimmodzi.

Tinakayesera pa fakitale ija, kwa anthu khumi ndi anayi. Kumeneko wokonza makina akamalowa m'chimphika chosakanizira simenti ankakoloweka chipewa chake pa switchi, kuti wina asayatse. Alamu anapempha kapitawo kuti asiye zimenezo kwa milungu iwiri, tione ngati angadalire foni. Kapitawo anavomera. Sitinamuuze kuti kuseri kwa pulogalamuyo kuli munthu.

Lachinayi nthawi ya 10:20 m'mawa alamu anandiitanira m'chipinda china, mamita asanu kuchokera pa desiki yanga, kuti ndikaonetse alendo awiri mmene kuyesako kukuyendera. Ndinati, "Alamu, nanga mauthenga?" Anati, "Mphindi khumi zokha, mlamu, dziko silitha." Tinakhalamo mphindi makumi anayi, ndipo alendowo anaomba m'manja.

Nditabwerera pa desiki 11:00, ndinapeza uthenga wa wokonza makina, wa 10:31: "Ndalowa m'chimphika, musayatse." Ndinautumiza pomwepo, kenako ndinaimbira kapitawo. Anati, "Achemwali, mukutumiza chiyani tsopano? Munthu tamutulutsa kale." Makina anali atayatsidwa 10:44. Anamwalira m'galimoto popita kuchipatala.

Masana omwewo alamu anandiuza kuti ndifufute zonse, ndipo aliyense akafunsa ndizinena kuti pulogalamu inagwira ntchito bwinobwino. Akulu anga anandigwira dzanja nati, "Mng'ono wanga, ganizira ana." Sindinafufute, koma ndinakhala chete masiku asanu, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Dzulo kapitawo wandiuza kuti bambo woyatsa makina mwawatsekera muno, chifukwa foni ya malemu ikusonyeza kuti bambowo anawerenga uthengawo n'kuyatsabe. Sanawerenge. Pa switchi panalibe chipewa chifukwa ife tinati chisakhalepo, ndipo foni yawo inalira patapita mphindi khumi ndi zisanu ndi imodzi atayatsa kale. Chizindikiro chobiriwiracho ndinachipanga ndine. Kompyutayo ndi iyi ndaika patebulo panuyi.

Zomwe ndikudziwa zathera pamenepa.

Siginecha ya mboni: ____________________
Wapolisi wolemba umboni: ____________________