Laputopu ya Malemu Ili ndi Ine

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1986, mwana wanga wachiwiri, wamkazi. Mbiriyi ndikuwerenga ndekha, chifukwa amalume awo akanaipaka mafuta.

Sukulu anayamba mu 1992. Ine ndinalekeza sitandade 4, ndiye za mayunivesite musandifunse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mu 2014 anayamba kutchedwa dokotala, koma wosabaya jakisoni. Anakwatiwa pa 6 Ogasiti 2016 ndi aphunzitsi akhala apowa.

Ntchito ya malemu inali kufufuza fumbi ndi mpweya wozungulira nyenyezi zongobadwa kumene. Ankati fumbilo limagundana n'kumamatirirana mpaka kuumba dziko ngati lathuli. Ndinawafunsa ngati fumbi linatha pakhomo pano. Anangoseka.

Makina oonera nyenyezizo amalandirana ngati mjigo. Malemu anakhala pamzere zaka zitatu, ndipo zithunzi zawo zinafika mu Malichi 2024. Lamulo la ntchitoyo ndi loti zithunzi zimakhala zako chaka chimodzi. Ukachedwa kulemba zomwe wapeza, zimatsekulidwa kwa aliyense, ena n'kukololapo.

Mu Meyi 2024 achipatala anapeza chotupa m'bere, nati opaleshoni ichitike mwezi womwewo. Malemu anati ayambe amaliza kulemba. Ndinalalata, ndinabisa chaja ya laputopu, amuna awo anagwada. Anakagonekedwa mu Okutobala, madzi atafika kale m'khosi. M'wodimo ankalembabe, diripi ili pamkono. Anatisiya pa 3 Febuluwale 2025, atatsala ndi masamba anayi.

Tsopano abwana awo a kuntchito, mwakhala kutsogoloku, mundimve. Dzulo munabwera kudzapempha laputopu, maliro ali m'nyumba. Akuti kwatsala milungu isanu chaka chija chisanathe. Ndamva. Laputopuyo ili m'sutikesi mwanga, kiyi ali m'chiunomu. Mubwere ndi kalata yosayinidwa yoti dzina la malemu likhala loyamba pa pepala la kafukufuku ankalembalo, lanu pambuyo. Popanda kalatayo, milunguyo ithe, tonse tiluze. Mwana wanga anapereka bere ndi moyo. Inu mwaperekapo chiyani?

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, achimwene awo, ndi ine amene ndimayenera kutsogola. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a kuntchito amene ankabwera kudzaona wodwala osati laputopu.

Mwanangu, kutchalitchi amati tonsefe ndife fumbi. Inu munachita kukaliona komwe limachokera. Usani mumtendere, dzina lanu ndilondera ine.