Chikalata chimene Mayi Gesine Boysen sanasaine

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1921 kuno ku Tönning, m'banja la asodzi. Sukulu anaphunzira kuyambira 1927 mpaka 1935, kenako analowa ntchito kufakitale yoika nsomba m'zitini, kumene anagwira zaka 46.

Mu Epulo 1942 anakwatiwa ndi Bambo Hauke Boysen, ophika m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi. Sitimayo inayenda maulendo anayi bwinobwino, n'kumiza zombo zitatu za adani. Ulendo wachisanu inanyamuka padoko la Bergen pa 6 Novembala 1943 ndi amuna 51. Patapita masiku asanu inatumiza uthenga wonena za nyengo, basi, kuchokera apo zii. Palibe mdani amene anati ndamiza ndine, ndipo ngakhale kachitsulo kake sikanapezeke. Malemu anatsala ndi khanda m'manja, Bambo Momme ali apawa.

Nkhondo itatha, akazi anzawo anasaina zikalata zoti khoti ligamule kuti amuna awo anafa. Malemu anakana kwamtuwagalu. Ankati munthu anachoka ali moyo, iwo sangamuphe ndi cholembera. Tisabisane, mayiwa anali ouma mutu, ndipo abusa atatu anawalephera.

Mu 1951 anayamba kukhala ndi Bambo Ewald Kruse, akalipentala. Ukwati sukanatheka, poti pamalamulo malemu anali akadali mkazi wa mwini. Anthu anayankhula mpaka kukamwa kuuma, ena muli pompano. Chowawa kwambiri chinali cha ana. Mayi Telse atabadwa mu 1953, ndi Mayi Wiebke mu 1956, boma linawalemba kuti ndi ana a Bambo Hauke, munthu wosowa zaka khumi ndi kuposa. Bambo Kruse analera ana awoawo pa dzina la mwamuna wina, osadandaula.

Mu Juni chaka chino cha 1987 malemu anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Pa 2 Okutobala, ali m'chipatala, anaitanitsa chikalata chija, ati afe atawapatsa Bambo Kruse dzina loti mwamuna wawo. Cholembera chili kale m'manja, Bambo Kruse anawalanda. Anati zaka 36 zawakwanira, ndipo salola kuti mayi apite ndi mlandu mumtima chifukwa cha iwo. Malemu analira, nafenso tinalira. Anatisiya pa 5 Okutobala masana.

Malemu asiya ana atatu ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. M'mabuku a boma asiyanso mwamuna, Bambo Hauke Boysen, azaka 68, amene sitidziwa kumene ali. Bambo Kruse m'mabukumo mulibe. Koma ana atatu onse andituma ndinene pamaso panu kuti bambo awo ndi Bambo Kruse amene akhala kutsogoloku, ndipo dothi loyamba aponya ndi iwo.

Tikuthokoza anamwino, anzawo akufakitale amene anyamula bokosi, ndi inu nonse, pakuti maliro n'kulirana. Mayi Gesine, mwadikira mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.