Jekete Lofiira la Dokotala Agatha Mulipa

Malemu Dokotala Agatha Mulipa anabadwa pa 14 Malichi, 1974, m'malaini a pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Bambo awo, malemu a Peterson Mulipa, anali kapitawo wa m'munda, ndipo mayi awo, a Teleza, anathyola tiyi mpaka msana unapindika. Anabadwa mapasa ndi Amosi.

M'chaka cha 1983, ali Sitandade 3, awiriwa anapita kukawedza makumba ku damu la esiteti. Amosi anaterereka n'kumira, malemuwa akuona. Kuyambira pamenepo madzi ankawaopa ngati njoka. Mtsinje wa Nsuwadzi ankauwoloka atatsinzina, atagwira malaya a ine mlongo wawo, Jacob, amene ndikuwerenga mbiriyi.

Mu 1992 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, ndipo mu 1998 anapita ku Norway kukaphunzira za nsomba za m'nyanja yamchere. Kunoko tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wothawa chithaphwi, wa dziko lopanda nyanja yamchere n'komwe! Akuluakulu anangoti madzi saiwala khwawa, poti makolo athu anachokera ku Mozambique. Mayi athu okha ndi amene sanaseke.

Pa 4 Ogasiti, 2001, anamanga banja ndi a Benard Khoromana, aphunzitsi a ku Makwasa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi mwana mmodzi, Mtisunge.

Mu 2004 anayamba ntchito ya kafukufuku ku Quelimane, kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique. M'mutu mwa nsomba, ngakhale karapau amene timagula pa Bvumbwe, muli kamwala kokhala ndi mizere ngati ya pachitsa cha mtengo. Malemuwa akawerenga mizereyo ankadziwa zaka za nsombayo. Anapeza kuti zombo zikuluzikulu zikukokolola nsomba zisanaswe n'komwe. Eni zombo anakwiya, koma m'madera ena asodzi anamvera, n'kumaleka kupha nyengo yoswana, nsomba n'kubwerera. Zolemba zawo zikuwerengedwa ku Tanzania, ku Kenya ndi ku Madagascar, ndipo ena mwa ophunzira awo lero ndi madokotala a za nsomba ngati iwo. Taonani, akhala uko ovala zakuda.

Koma mantha aja sanathe, ndipo kusambira sanaphunzire. Akakwera bwato ankavala jekete lofiira loyandamitsa, osalivula ngakhale pa chakudya, mpaka ophunzira anawapatsa dzina loti Mayi Jekete. Ulendo uliwonse ankayamba aimbira foni amayi kuti awapempherere. Akatero ankapitabe.

Pa 9 Febuluwale chaka chino, masana, namondwe anawapeza pakati pa nyanja. M'bwatomo munalinso Mtisunge, amene akuphunzira ntchito yomweyi, poti make mbuu, mwana mbuu. Funde linakokolola bokosi la majekete enawo asanavale. Malemuwa anavula lawo lija, n'kumuveka mwana wawo, n'kumanga zingwe zonse. Kenaka bwato linatembenuzika. Asodzi anavuula Mtisunge ndi anzake. Mayi ake sanapezeke mpaka lero.

Anamfedwa, amene mwanyamula bokosili musadabwe. Mulibe thupi. Taikamo thunthu la nthochi, monga mwa mwambo wathu munthu akasowa m'madzi, kuti mzimu wake upeze pofikira kwawo.

Tsopano kafukufuku uja anasiyidwa panjira, ndipo Mtisunge wapempha kubwerera kunyanja kukamaliza. Agogo ake, amene madzi awalanda mapasa onse awiri, akukana chakudya chimvereni nkhaniyi. Mwa mwambo wathu mawu otsiriza ndi a mwini mbumba, ndipo atsibweni a mwanayu ndine. Ndinene poyera: ndikuopa. Foni ikalira mtima umandithawa. Mwana ndi yekhayu, ndipo nthochi ndadula kale imodzi, dzanja langa silingadulenso ina.

Ndinafuna kukana. Koma ndinakumbukira kamtsikana kaja ka pa Nsuwadzi, kotsinzina, konjenjemera, koma kowolokabe. Ndani wa ife anakabwezapo? Choncho pamaso panu ndikuti Mtisunge apite. Achibale anafuna kuti jekete lija tiliike m'bokosimu. Sitinaliike. Lili m'chikwama cha Mtisunge, ndipo mphwanga, usadzalivule ngakhale pa chakudya.

Malemu asiya amuna awo a Khoromana, mwana wawo Mtisunge, mayi awo a Teleza, ndi ife abale awo awiri. Tikuthokoza asodzi amene anafufuza osatopa, anzawo a ku ntchito amene adutsa pa chipata cha Muloza kudzalira nafe, amfumu, a mpingo, amayi a mvano, a ku esiteti chifukwa cha galimoto ndi nkhuni, ndiponso adzukulu amene akumba manda akudziwa chimene chili m'bokosi.

Achemwali, kumene mwagonako ife sitingafikeko ndi nkhata ya maluwa. Mzimu wanu uuse mumtendere, ndipo madziwo musawaopenso.