Zimene a Jessamine Sumagaysay Anakaphunzira ku Msasa wa ku Guimaras

Malemu a Jessamine Alabado Sumagaysay, amene pakhomo tinkawatcha Inday, anabadwa pa 9 Febuluwale 2009 m'tauni ya Oton kuno ku Iloilo, patangopita masiku anayi bambo awo, a Wilfredo, atakwera sitima ya pamadzi imene amagwirako ntchito miyezi isanu ndi inayi pachaka, kotero kuti wachiwiri kuwanyamula m'manja, pambuyo pa mayi awo a Nenita, ndinali ine, malume a mayiwo, amene banja landituma kuti ndiyankhule pano.

Anayamba sukulu m'chaka cha 2015, ndipo anali akuthwa pa masamu. Mu 2018 nkhope ndi mapazi zinayamba kutupa, ndipo madokotala anapeza kuti impso zonse ziwiri zikufa. Kuchokera mu 2020 ankagona pa makina osefa magazi katatu pa sabata, ndipo madzi akumwa ankawapimira, makapu awiri tsiku lonse. Dokotala anati chowapulumutsa n'chimodzi chokha, impso ya wachibale. Mayi awo anadzipereka, koma anakanizidwa chifukwa cha matenda a shuga. Za bambo awo, mwana anauzidwa kuti magazi sagwirizana. Anakhulupirira, pakuti mwana sayika mawu a kholo pa sikelo.

Mu Epulo 2023, pa tchuthi cha nyengo yotentha, anasankhidwa kupita ku msasa wa ana odwala impso pa chilumba cha Guimaras. Kumeneko anagona koyamba m'chipinda chimodzi ndi anzawo osadabwa ndi kapaipi ka pachifuwa kolumikizira makina osefa magazi. Ankapikisana kuti wa chipsera chachitali ndani, ankanunkhiza mango amene saloledwa kudya, ndipo m'nyanja ankalowa kulekeza m'mawondo. Kalata imene analembera mayi awo tsiku lachiwiri inati aseka mpaka nthiti kuwawa.

Tsiku lachitatu anamwino anachititsa masewera ophunzitsa magulu a magazi. Mwana aliyense anavala mkanda wosonyeza gulu lake, n'kumathamangira amene angathe kumupatsa impso. Onse ankakhamukira kwa a gulu la O, chifukwa O amapatsa aliyense. Malemu sanathamange. Chilembo chimenecho ankachidziwa bwino, pakuti bambo awo anachitemetsa pamkono ngati mphini, kuti akavulala panyanja gulu lawo lidziwike msanga.

Anakanong'oneza mnzawo Charito, mtsikana amene ankanyadira impso yopatsidwa ndi bambo ake mpaka kuitcha dzina lawo. Charito anaseka pamaso pa onse nati, "Iwe Inday, masamu umakhoza, koma apa wagona. Bambo ako ndi O? Ndiye si magazi amene akana, ndi mwini magazi." Ana ena anaseka nawo, monga ana amachitira, osadziwa kuya kwa bala. Malemu anapita kwa dokotala wawo, amene analinso pa msasapo. Dokotalayo anazungulira uku ndi uku, koma pomaliza anavomera kuti a Wilfredo sanabwerepo kudzayezetsa.

Atabwerera kunyumba anaimbira foni bambo awo ali panyanja. Ine ndinali pomwepo. Sanalire, sanakalipe, anangofunsa ngati Tatay, monga ankawatchulira bambo awowo, angalole kukayezetsa. Yankho linamveka chipinda chonse: "Wa impso imodzi samukweza sitima, Inday. Impso ukuyifunayo ndi imene ikukudyetsa. Dikira ndimalize ulendo uno." Ulendowo anaumaliza, n'kusainira wina, kenako winanso. Akale anati chibale n'fupa, sichiwola. Sanatiuze kuti mwana wodwala angadikire fupalo mpaka liti.

Mu 2024 a msasa anawaitananso malemu, koma anakana, nati zimene anaphunzira kumeneko zakwana. Chaka chomwecho anasiya sukulu chifukwa mtima unayamba kufooka. Za ukwati ndi za ntchito, zimene timawerenga pa mbiri ya munthu, ndilibe choti ndikuwerengereni. Anamwalira pa 17 Okutobala 2025 ali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Anafa ndi ludzu mwendo uli m'madzi.

Asiya mayi awo a Nenita, mng'ono wawo Maricel, ndi bambo awo a Wilfredo, amene akhala kutsogolo kuno. Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira zaka zonsezi, okonza msasa, ndi Charito, amene wawoloka nyanja lero pamodzi ndi bambo ake. Mulungu amene anawalenga awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Achibale ofuna kutsanzikana ndi a Wilfredo atero lero lomwe. Dzana madokotala a sitima anawayeza, anawapeza athanzi ndi impso zonse ziwiri, ndipo anyamuka Lolemba.