Dothi Tinaliyanika Ngati Mpunga

Ine, Lughano Mwangolera, wa zaka 43, ndimakhala kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Wovwe m'boma la Karonga, ndipo ndine mmisiri womanga nyumba.

Mu Okutobala 2023 kalabu yathu ya alimi inagwirizana zomanga nyumba yosungiramo mpunga pa dimba lakale la a Jeffrey, wapampando wa kalabuyo. Pa 9 Okutobala kunabwera injiniya, mayi Leticia. Anatikumbitsa maenje atatu akuya mamita anayi, nkukhomera mapaipi achitsulo asanu ndi limodzi m'dothi la pansi. Titawazula odzaza dothi, anamata mapaipiwo phula la kandulo uku ndi uku.

Anatifotokozera kuti dothi la makande ngati la pamenepo limasunga madzi, ndipo nyumba yolemera imafinya madziwo pang'onopang'ono, iyo nkumatitimira. Anati akayeza dothilo lili lonyowa chomwecho kuti awerengere kuti nyumbayo idzatsika bwanji. Anati, "Musatsegule, musaike padzuwa. Galimoto idzatenga Lachisanu."

Lachitatu cha m'ma 8 koloko m'mawa a Jeffrey anandiitana. Anayankhula Chitumbuka, koma mawu ake ndi awa: "Mpunga wonyowa amaubweza. Dothi lonyowanso alibweza, malo anga awakana. Yanika."

Ndinawakumbutsa zimene mayi aja ananena. Anati kamtsikana ka m'tauni kadziwa chiyani za dothi la kuno. Ndinatsegula mapaipi onse ndi manja angawa. Dothilo ndinaliyanika pa lona masiku awiri, nkulibwezeramo, nkulitsendera ndi mpini wa khasu. A Jeffrey anagula makandulo anayi, tinamatanso. Uchitsiru umenewu ndinauchita ndine, sindikukana.

Patapita masabata atatu mayi Leticia anabweretsa pepala lonena kuti nyumbayo idzatsika masentimita awiri okha pa zaka zisanu. Anadabwa, nkufunsa ngati wina anakhudza mapaipi. A Jeffrey anati, "Yayi, mama." Ine ndinayang'ana pansi. Tinamanga maziko ang'ono motsatira pepalalo.

Mu Juni 2024 tinalowetsamo matumba a mpunga. Pofika Julayi chitseko chinayamba kukana kutsekeka. Ndinayeza ndi chingwe ndi levulo, ngodya ya kum'mawa inali itatsika masentimita 17. Mng'alu wa pakhoma unkalowa dzanja. Ndinauza a Jeffrey kuti tichotse matumba. Anati ndingomatapo simenti. Simenti, abale, nyumba ikumira!

Pa 14 Ogasiti cha m'ma 10 koloko m'mawa khoma la kum'mawa linagwa. Ndinali mamita khumi kuchoka pamenepo. Linagwera mng'ono wanga Manase, amene ankasanja matumba. Mwendo wake wakumanja audula dzana.

Dzulo ndinamva kuti inu apolisi mwatsekera mayi Leticia, akuti anawerengera molakwa. Masana omwewo a Jeffrey anandipeza kuchipatala atanyamula nthochi. Anati, "Apolisi akakufunsa unene kuti mapaipi anapita osatsegula." Ananena zimenezi pambali pa bedi la Manase, opanda manyazi ngakhale pang'ono. Nthochizo ndinazitaya pawindo, bwana, ndipo m'mawa uno ndakwera njinga kubwera kuno.

Mayiyo anawerengera dothi limene tinamupatsa. Mutulutseni lero. Ngati unyolo wanu ndi umodzi, mumange dzanja langa ndi la a Jeffrey pamodzi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi, ndipo andiwerengera, ndavomereza.

Kusayina: L. Mwangolera ....................