Kumanda Sathamangira

Pasiteji ya basi mumsewu wa Claiborne, ku New Orleans, mkulu Alcide anakhala atafungatira lipenga lake. Pambali pake panaima mtsikana wina atabereka ng'oma.

"Agogo, lipengalo likadalirabe?"

"Kulira limalira, koma oliza nawo anatha. Anzanga onse oimba nyimbo za jazi ndinawaperekeza kumanda ndine. Pano ndimaimba ndi ana a msinkhu wakowu."

"Ndiye si mwayi umenewo? Ifetu tikagwira nyimbo, msewu wonse umagwedezeka."

"Ndiye vutolo. Loweruka tinaperekeza Ferdinand, mnzanga wa ng'oma. Popita kumanda nyimbo imayenda chokwawa, mwanawe. Yovina imadikira mpaka anamfedwa atsanzikane ndi mtembo. Koma ana ndimaimba nawowo anaiyamba mkazi wa Ferdinand akadagwira bokosi."

"Anthu anavina?"

"Anavina, maambulera ali m'mwamba. Mayi uja anangoima pakati pawo, akundiyang'ana ine."

"Aa, ndiye asiyeni anawo, agogo."

"Ayi, ndikupita kwa iwo komweko. Ndikawakhazike pansi mpaka aphunzire kuimba modekha."

"Mukudzivutitsiranji pa msinkhu wanuwu?"

"Wotsatira ndine. Sindikufuna kukalowa m'manda chothamanga."