Batire la a Chiko ndi Chitunda Chawo

Chaka chija manachesi anabereka mpaka nthambi kumathyoka zokha, mafoni a m'manjawa asanalowe m'thumba la aliyense, kunagwa chisanu choti ngakhale agalu ankachita ulesi kuuwa. Iwe Limbani, lisiye kaye batire la galimoto yakolo, ungaliyang'ane bwanji silikuyankha. Bwera ukhale padzuwa pano ndi alongo akowa. Wandifunsa ngati ulikonzetse kapena ugule lina, koma ine funso la malonda sindiliyankha ndisanalizungulire, pakuti woyankha msanga pamsika amabwerera kwawo ndi mbuzi yachifuwa.

Masiku amenewo ku Thambani kuno pikapu yoti n'kuidalira inali ya mnzanga a Chiko. Inu simunawaone. Anachokera ku Zobue, kutsidya kwa malire kumene amayankhula Chipwitikizi, nthawi ya nkhondo ya kwawo atasenza mphasa ndi kapoto, ndipo anzawo atabwerera iwo anatsala, chifukwa anali atakwatira mai a Rozi, amene anali ndi tiyirumu pamsika. Munthu amene anathawapo nkhondo sataya kanthu. Msomali wopindika ankauwongola, nsapato ikatha ankadulako lilime n'kusunga, ndipo batire limene anagulira limodzi ndi pikapuyo ankalilera ngati mwana wobadwa masiku asanakwane.

Mabatire akale, ana inu, anali ndi zivindikiro pamwamba, unkatsegula n'kusuzumiramo ngati mumphika. Madzi akachepa unkawonjezera a mvula, otchera m'beseni pabwalo, osati ochokera padenga la malata, ndipo mitu yake ikatuwa ngati yathiridwa ufa unkaitsuka ndi madzi otentha ndi soda yemwe uja wa therere. Osati anu alerowa omata ponseponse, oti akadwala sanena, umangomva kuti atisiya. A Chiko zonsezi ankazidziwa, ndipo kwa zaka ndithu batire lija linkawamvera. Koma chilichonse chimakalamba, ndipo nyengo yozizira ndiyo imaulula nkhalamba, kaya ndi munthu kaya ndi batire: mphamvu zimalowa pansi, mafuta a mu injini nawo amalimba ngati uchi wa m'botolo, ndiye wofooka uja akupatsidwa katundu wolemera kuposa wa masiku onse.

Litayamba kufooka, mnzanga anayamba zamankhwala. Wina pamalire anawauza kuti aziponyamo mapiritsi a mutu, iwo n'kumaponyamo. Juni akafika ankalimasula madzulo alionse, kulifunditsa bulangeti n'kuligoneka kumiyendo kwa bedi, mpaka mai a Rozi ankauza aliyense wobwera kudzamwa tiyi kuti, "Ine ndili pamitala, ndipo mkazi mnzanga ndiye amafunda bulangeti latsopano."

Koma mankhwala enieni anali chitunda. Nyumba ya a Chiko inali pamtunda, ndipo pikapu inkagona itayang'ana kumunsi, mwala uli kutayala. M'mawa ankangochotsa mwalawo, kulumphiramo, galimoto n'kutsetsereka, akaponya giya yachiwiri n'kusiya kilachi injini inkadzuka yokha ikutsokomola. Moyo wawo wonse unayamba kuyendera zitunda. Wokwera matola akati, "Nditsika pamtengo wa mango apo," iwo ankati, "Apo palibe potsikira, amigu," n'kukamutsitsa patsogolo pamene msewu wapendekeka. Kutchalitchi ankaimika kuseri kwa chulu. Ngakhale abwenzi ankawasankha poona pamene anamanga nyumba, moti ine ndimakayika ngati tikanagwirizana chonchija ndikanamanga kudambo.

Ndinkawauza kuti, "Achimwene, gulani batire lina."

"Epa! Ili lili bwinobwino, likungomva chisanu. Inu mukamva chisanu akazi anu amakagula mwamuna wina?"

Tsono chaka chimenecho agogo anu aakazi, a Nangozo, ndiwo anali ndi manachesi ambiri kudimba kwathu, kumunsi kumtsinje kuja. Chimanga chinali chitakanika, ndipo chakudya cha chaka chonse chinali m'mitengo imeneyo. Ine ndinapeza mkulu wa lole yopita ku Blantyre, ndinakangana naye mtengo mpaka anavula chipewa n'kupukuta thukuta m'chisanu chomwecho, koma anandipatsa lamulo limodzi: adikira kumsewu wa tala m'mawa mwake, ndipo mame akauma iye wapita. Mukudziwa inu kuti nachesi likathyoledwa silibwerera mumtengo.

Tinathyola tsiku lonse, a Chiko n'kutsika ndi pikapu mpaka kudimba kuti tipakiretu. Pomaliza dzuwa linali litalowa, kamvula ka chiperoni katanyowetsa njira yokwera, nyali za galimoto nazo zikuwala ngati ziphaniphani. A Chiko anazimitsa injini.

"Achimwene," ndinatero ine, "mwaona pamene mwaimika? Kuno kulibe chitunda. Zitunda zonse zili pamwamba pathu."

"Batireli ndalitchajitsa dzulo lomweli, amigu. Panopa ndi mnyamata. Mawa mungomva kamodzi."

Analimasula, kulikulunga m'bulangeti, n'kukwera nalo kwawo atalikumbatira.

Kutacha nkhungu inali itadzaza chigwa chonse, udzu uli mbuu, zala zosapindika. A Chiko anabwera ndi mnyamata wawo uja, kumumangirira bwinobwino, kukhala pampando, kupotokola kiyi. Tinamva kamodzi ndithu, sananame. Linangoti "nguu", ngati nkhalamba ikutembenuka pamphasa, kenaka tche, tche, tche, basi.

Zimene tinachita m'mawa umenewo, ana inu, kukanakhala mafoni ojambulawa bwenzi tikusekedwa mpaka ku Tete. Tinakankha, koma galimoto yodzaza manachesi pamatope sikankhika. Inangosuntha pang'ono ngati ikutichitira ulemu. Tinaika makala amoto pansi pa injini kuti mafuta asungunuke, zimene iwe Limbani usadzayese. A Chiko anaponyamo piritsi lina, n'kumalisisita batirelo akulinyengerera m'Chipwitikizi, poganiza kuti mwina Chichewa laiwala. Agogo anu anangokhala padengu lovundikira akuyang'ana udzu, ndipo ine ndinadziwa chimene ankayang'ana: ankaona ngati mame ayamba kuuma. Chete wa agogo anu mumamudziwa, amaposa kukalipa kwa anthu khumi.

Mwadzidzidzi m'nkhungu muja munatulukira munthu atasenza chinthu pankhata, akutsika pang'onopang'ono. Anali mai a Rozi. Iwo anali atagula batire latsopano la galimoto kumalire, loimbira wailesi ya makaseti m'tiyirumu mwawo kuti makasitomala azichedwa, ndipo m'mawa umenewo atatchera khutu osamva kutsokomola kwa pikapu, anazimitsa nyimbo n'kulisenza.

Analitula pansi n'kunena kuti, "Bambo a Rozi, mkazi mnzanga wakana kudzuka eti?"

"Bwererani nalo," anatero a Chiko osawayang'ana. "Batire lozolowera kuimba nyimbo lilize galimoto yanga? Langali likungofuna dzuwa."

"Dzuwa lomwelo ndi limene liumitse mame, bambo."

Anthu amene anabwera kudzakankha anayamba kulinyoza batire lakale, wina akuti likatayidwe kudzala, wina akuti likhale mpando, ndipo ndinaona khosi la mnzanga likuuma. Apa mverani bwino, chifukwa ine sukulu sindinapite nayo patali koma msika unandiphunzitsa: ukafuna kuti munthu asiye mbuzi yake, usainyoze mbuziyo. Ukainyoza amaikumbatira.

Ndinagwada pafupi ndi batire lija n'kulifunditsa bwino bulangeti. "Inu anthu mulibe ulemu," ndinatero. "Batire ili lanyamula odwala, lanyamula akwati, maliro a m'dera lino onse lawaperekeza. Ndani wa inu wagwira ntchito yotere? Achimwene, ine chikundiwawa n'chakuti mukulizunza. Mkulu ngati uyu mukumudzutsabe m'mamawa kuti asenze injini yozizira, pamene kamnyamata aka, kosadziwa n'komwe kuti chitunda n'chiyani, kakungokhala m'tiyirumu motentha kumaimba nyimbo. N'chilungamo chimenecho?"

A Chiko anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anati, "Zoona, kakudya zaulere."

"Kagwire ntchito. Mkuluyu akakhale pafupi ndi mbaula, aziimbira alendo."

"Koma asakaliike pansi posazira," anatero a Chiko akuloza akazi awo. "Pathebulo."

"Ndikaliyalira nsalu yoluka," anayankha mai a Rozi, "bola lichoke kuchipinda kwanga."

Tinamangirira latsopano lija, ndipo kiyi asanamalize n'komwe kupotokola injini inabangula mpaka mbalame zinabalalika m'mabango. A Chiko anakwiya pang'ono kuti lalira msanga chotero. Tinakwera chitunda matayala akuterereka, agogo anu ali pamwamba pa katundu atagwira mpango kumutu, ndipo pofika kutala tinapeza mkulu wa lole uja akumanga lona pamwamba pa katundu, injini ikulira kale. Anayang'ana udzu, n'kutiyang'ana ife, n'kumasula chingwe. Chaka chimenecho m'nyumba mwathu simunagone njala, ndipo mai ako iwe Limbani sanasiye sukulu.

Batire lakale lija linaimba wailesi m'tiyirumu nyengo zingapo ndithu, pakuti wailesi sipempha zambiri, ndipo a Chiko ankakhala pambali pake kumauza alendo maulendo amene linayenda. Koma musaganize kuti anasiya chitunda. Ndi batire latsopano lomwelo ankaimikabe galimoto itayang'ana kumunsi, mwala kutayala, akuti munthu sakhulupirira mnyamata. Atamwalira tinakawaika kumanda a kumtunda kuja, ndipo mai a Rozi, misozi ili m'masaya, anandinong'oneza kuti, "Alamu, mwachita bwino powagoneka potsetsereka. Lipenga likadzalira sadzavuta kudzutsa."

Tsono mdzukulu wanga, yankho lako ndi ili. Yamba watsuka mitu yakeyo n'kuimanga zolimba, chifukwa mabatire ambiri amanamiziridwa imfa ali moyo. Ukalitchajitse, ligone panja usiku wozizira ngati wapitawu. Likadzuka n'kuliza galimoto, lisunge, usataye chinthu chifukwa cha chimfine. Koma likagona lokhuta n'kudzuka lanjala, kapena ukaona kuti latupa m'nthiti, usalipatse mapiritsi, ndipo usadikire tsiku la manachesi kuti likuuze zoona, paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Gula lina, koma lakalelo usalinyoze; lipezere ntchito yopepuka, liziyatsa kababu pakhonde.

Koma taona pamene waimika galimoto yako, pachidikha penipeni, ngati sunabadwire ku Mwanza. Dzukani nonse mukankhe. Ine musandiyang'ane, ndinasamukira kale kutiyirumu: ndikhala pompano padzuwa, ndizikuimbirani nyimbo.